Ana a Nsato, Ana a Mbuna

Chithunzicho chinafika usiku wina wa mu July, mwera ukugwedeza malata a nyumba yathu ku Yofu, pachilumba cha Likoma. Anachitumiza pa WhatsApp ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata yemwe watha zaka zisanu tsopano ali ku Johannesburg. Pachikhatho pake panali njoka, itadzikulunga ngati nkhata, mutu itaubisa pakati. Mayi a kunyumba atasuzumira pafoni anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo. "Kodi mwana ameneyu mutu ukugwira? Muuzeni aitaye, asatibweretsere maliro."

Pansi pa chithunzicho panali mawu. "Malume, iyi ndi yaikazi. Taonani msana wake. Zinzake zonse ndi zoderako, zamawanga akuda, koma iyi yatuwa ngati phulusa, ndipo mawanga ake alumikizana kukhala mzere umodzi. Abwana akuti mwina ndi mtundu watsopano, mwinanso zangochitika. Inu mumaphunzitsa zimenezi kusukulu. Kodi ana ake adzatengera?"

Ndinatenga nthawi ndisanayankhe. Choyamba kubwera anali mantha, sindingabise. Ife tinakulira m'mapemphero a ku St Peter's, komabe ngakhale mwana wa m'kwaya amadziwa kuti nsato si nyama yoseweretsa. Ku Msinja, njoka Thunga inali pakati penipeni pa chipembedzo cha mvula cha Makewana. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amati Mbona amabwera ngati nsato. Nsato ya kuno kwathu imatha kupitirira mamita 4, imameza mbuzi, ndipo malamulo a nyama zakutchire salola munthu kungoigwira n'kuiika m'nyumba. Koma yomwe inali m'manja mwa mnyamatayu ndi ina. Kwawo ndi ku West Africa, ndipo mayiko a Ghana, Togo ndi Benin amazitumiza kunja zambirimbiri chaka ndi chaka. Kawirikawiri sipitirira mita imodzi ndi theka, ilibe ululu, ndipo ikaopa siluma msanga, imangodzipinda n'kubisa mutu. N'chifukwa chake ogulitsa amaitchula kuti ball python. Abwana a mnyamatayu amaweta zoterezi m'chipinda chofunditsidwa, iliyonse m'kabokosi kake, ndipo iye ntchito yake ndi kutsuka mabokosiwo, kusintha madzi ndi kuzipatsa makoswe. Anaiyamba ntchitoyo akunjenjemera. Lero amazidziwa imodziimodzi: iyi ndi yadyera, iyi imakana chakudya kukazizira.

Mantha atatha kunatsala funso lija, ndipo ndinalizindikira. Ndinalifunsapo ndekha kalekale, nditaima m'madzi ofika m'chiuno pamiyala ya kuno ku Yofu.

Mwana wa pachilumba amadziwa mbuna asanadziwe kulemba dzina lake. Ndi tinsomba ta m'miyala, tokhalira kukukuta ndere, ndipo makolo athu sankatiwerengera kwenikweni. Ndiwo ndi usipa, utaka, kampango, osati tinthu tomwe ana amawedza ndi nyambo ya kondowole. Koma amalume anga, omwe tsopano anatisiya, anali mmodzi mwa amuna omwe ankabira pansi pa madzi, paipi ya mpweya ili kukamwa, kugwirira tinsombati anthu otumiza kunja. Malonda amenewa anatchuka kwambiri ndi Stuart Grant wa ku Kambiri, ku Salima, yemwe anamwalira mu 2007. Mbuna ina yofiira ya kugombe la Mozambique, Metriaclima estherae, inatenga dzina la mkazi wake, Esther. Kudzera m'malonda omwewa maina a kwathu anafika kutali. Kansomba kabuluu kamizere ya m'litali kamagulitsidwa ku Germany ndi ku America ndi dzina lakuti maingano, ndipo ambiri okagula sadziwa kuti Maingano ndi malo a pa Likoma pano, omwe ife timapitako pabwato.

Mwa mbuna zonse, yomwe inanditenga mtima ndi ija yamphuno yonenepa, yolendewera pamwamba pa kamwa, yomwe m'mabuku amati Labeotropheus fuelleborni. Yaimuna ndi yabuluu. Zazikazi zambiri ndi zoderako, zosakopa maso. Koma mwa apo ndi apo umaona ina yachikasu chopita kofiira, yodzaza ndi mawanga akuda osalongosoka, ngati wina waiwaza inki. Iliyonse mawanga akeake. Ogula ankazifuna kwambiri, ndipo ankazitchula ndi zilembo ziwiri, OB.

Ndinawafunsa amalume kuti mawangawo amachokera kuti. Anayankha mosakayika: "Ndi miyala, mphwanga. Nsomba imatenga mtundu wa pamene imagona." Msodzi wina ankati ndi ukalamba. Agogo aakazi ankati ndi matenda, tisamadye. Yankho la amalume silinali lopusa ayi. Aliyense amene anasungapo mbuna m'beseni loyera amadziwa kuti imayezuka pakangotha mphindi zochepa, ukaibwezera pamdima n'kudanso. Munthu woona zimenezi tsiku ndi tsiku ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mtundu wa nsomba ndi chovala, osati magazi.

Patapita zaka ndinabwerera pachilumba ndili mphunzitsi wa sayansi. Chaka ndi chaka ndinkalemba pabolodi nkhani ya Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno yemwe kuyambira 1856 mpaka 1863 ankakwatitsa nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke, n'kufalitsa zomwe anapeza mu 1866. Anakwatitsa ya maluwa apepo ndi ya maluwa oyera, ana onse anatuluka apepo. Kuyera kunaoneka ngati kwatha. Koma zidzukulu zitamera, 705 zinali zapepo, 224 zoyera, pafupifupi chimodzi mwa zinayi zilizonse. Kuyerako sikunafe, kunangobisala m'badwo umodzi. Ana asukulu ankaloweza zimenezi n'kukhoza mayeso, koma ndinkaona m'maso mwawo kuti nkhaniyo ndi ya kutali. Pachilumba chathu cha miyala ndi malambe timadalira chinangwa, ndipo chinangwa timabzala mitengo yake, mwana n'kukhala ndendende make. Panalinso vuto la mawu. Ndikanena kuti majini, kutanthauza tizidutswa ta chibadwa tomwe mwana amalandira kwa makolo, ana a kunyanja ankamva majini ena aja, ogwira anthu. Tsiku lina mtsikana wina anafunsa ndi mtima wonse ngati majini a Mendel amachoka ndi mapemphero. Ndinaletsa anzake kuseka. Funso lake linandionetsa kuti ndikuphunzitsa chinthu chomwe ine mwini sindinachigwirepo ndi manja.

Ndiye ndinamanga thanki ya simenti kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kuigawa pawiri ndi kakhoma ka njerwa. Nsomba zoyamba zinafa zonse m'masiku awiri, chifukwa simenti yatsopano imaluma madzi ndipo ine sindinaiviike mokwanira. Ndinataya madzi, ndinadzazanso, ndinatayanso, kwa mwezi wathunthu. Pambuyo pake moyo wa panyumba unayamba kuyendera thankiyo. M'mawa ndi madzulo ndowa za madzi a kunyanja, makamaka mu October pamene madzi a m'thanki amafunda msanga. Pakatha masiku atatu kapena anayi, kukatola miyala yokhala ndi ndere n'kubweza yomwe zakukuta kale. Ndinaphunziranso kuti yaimuna ikasowa wolimbana naye imazunza yaikazi mpaka kuipha, ndiye pamafunika mapanga ambiri obisalamo.

Yamawanga yoyamba kukhalitsa ndinaigwira khosi lili lotupa kale. Mbuna imalera m'kamwa. Yaikazi ikaikira mazira pamwala imawatola nthawi yomweyo. Yaimuna ili ndi timadontho tooneka ngati mazira pachipsepse cha kumchira, ndipo yaikazi ikamayesa kutolanso timadonthoto imamwera mbewu ya yaimuna. Kenako imakhala masabata pafupifupi atatu osadya, ana akukulira m'kamwa. Yanga ija italavula ana ake ndinaitana kalasi yonse kudzaona. Tinawerenga, tinalemba m'kope, tinakondwa. Usiku ndili chigonere ndinazindikira kuti kuwerengako kulibe ntchito. Bambo wa anawo ndani? M'nyanja yaikazi imatha kuyendera amuna angapo pa kuikira kumodzi, moti ana a m'kamwa limodzi amakhala a abambo osiyana. Atakulako pang'ono ndinawanyamula m'ndowa n'kukawabwezera pamiyala pomwe ndinagwira make.

Ndinayambanso, tsopano mwadongosolo. Mbali imodzi yamawanga ija, kamwa lili lopanda kanthu. Mbali inayo yaikazi wamba, yoderako. Yaimuna imodzi yokha, yabuluu, yomwe ndinkaisamutsa uku ndi uku. Madzi amodzimodzi, miyala yotoledwa pamalo amodzi, mthunzi umodzi. Yaikazi wamba ija ndiyo inali mtima wa ntchito yonse, ngakhale alendo obwera kudzaona sankaiyang'ana n'komwe. Popanda iyo, mawanga akanatuluka, amalume akanati ndi miyala ya m'thanki, ndipo ine sindikanakhala ndi chowayankha.

Ana a yaikazi wamba omwe anakula anali 17, ndipo panalibe wamawanga ngakhale mmodzi. A yamawanga anakula 14, ndipo 6 mwa iwo anali ndi mawanga. Amalume anali atakalamba pa nthawiyo, makutu atagontha pang'ono ndi zaka za kubira. Anabwera ndi ndodo yawo, anawerama pathanki, anayang'ana mbali iyi, anayang'ana inayo, kwa nthawi yaitali.

"Miyalayi ndi imodzimodzi?"

"Eya, malume. Ndinatola pamalo amodzi."

"Yaimuna ndi yomweyo?"

"Ndi yomweyo."

"Basi, ndi magazi."

Munthu yemwe anakhulupirira chinthu zaka makumi anayi anachisiya madzulo amodzi, popanda kukangana, chifukwa anaona ndi maso ake. Ine ndawerenga mabuku ambiri kuposa iwo, koma kudzichepetsa kotero sindikupeza kawirikawiri, ngakhale mwa ine mwini.

Chodabwitsa chenicheni chinabwera patatha pafupifupi chaka, nsombazo zitakhwima. Mwa zopanda mawanga, zambiri zinasanduka zabuluu, zazimuna. Koma zamawanga zonse 6 zinali zazikazi. Imodziimodzi zinayamba kutupa makosi. Nditawauza amalume sanadabwe. Anati zaka zonse zomwe anakhala pansi pa madzi, yaimuna yamawanga anaiona kangapo kokha, ndipo ogula ankailipira bwino kuposa zinzake. Iwo ankazidziwa zimenezi kalekale, kungoti panalibe anawafunsa. Pambuyo pake ndinapeza kuti mu 2009 akatswiri atatu a ku University of Maryland, Reade Roberts, Jennifer Ser ndi Thomas Kocher, anafalitsa m'magazini ya Science kafukufuku wa nkhani yomweyi. Anapeza kuti mawangawa amachokera pa kusintha kwa kagwiridwe ntchito ka jini yotchedwa pax7, ndipo kuti malo amenewa ali moyandikana kwambiri ndi chomwe chimachititsa nsomba kukhala yaikazi, moti ziwirizi zimayenda limodzi kupita kwa mwana. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anabirapo. Yaikazi yamawanga ikakhala pamwala wa ndere ndi mithunzi imasowa m'maso, ndipo zofuna kuidya zimaiphonya. Koma yaimuna imakopa akazi ndi buluu wake. Mawanga amaiwonongera chovala cha ukwati. Chomwe chili mwayi kwa mwana wamkazi ndi tsoka kwa wamwamuna, ndiye chinamatirira ku ukazi.

Choncho usiku wa mwera uja ndinamulembera mnyamatayo zomwe thanki inandiphunzitsa. Njokayo ungaiyang'ane chaka chathunthu, singakuuze kanthu. Oyankha ndi ana ake, mwinanso osati ana koma zidzukulu. Iphatikize ndi yaimuna wamba, ya mtundu wa kutchire, ndipo utsimikize kuti sinakumanepo ndi ina, pakuti njoka yaikazi imatha kusunga mbewu ya yaimuna miyezi yambiri. Ikaikira, mazira amakhala pafupifupi 6, ndipo amaswa pakatha masiku 55 mpaka 60 pa kutentha kwa madigiri 31 kapena 32. Ngati ena mwa ana atuluka otuwa ngati make, ndiye kuti chibadwacho ndi champhamvu, chooneka ngakhale chitachokera kwa kholo limodzi, monga mawanga a mbuna zanga. Ngati onse atuluka wamba, usafulumire kunena kuti zatha. Mwina kutuwako sikuli m'magazi konse: dzira likatenthedwa kapena kuzizidwa mosayenera, mwana amatha kutuluka ndi mawanga achilendo omwe sadzapatsira aliyense. Kapena chibadwacho ndi chobisala, ngati maluwa oyera a Mendel, ndipo ana onsewo achinyamula osachionetsa. Oweta njoka ana otere amawatchula kuti het. Kuti usiyanitse ziwirizi, ulere mwana wamwamuna mpaka akhwime, n'kumubwezera kwa make. Ngati chilipo, pafupifupi theka la ana lidzatuwa. Ungathenso kuphatikiza ana okhaokha n'kuyembekezera mmodzi mwa anayi, koma yaikazi imafuna zaka pafupifupi 3 kuti ifike poikira.

Amene anatsegula malonda amenewa anadutsa momwemo. Bob Clark wa ku Oklahoma anaswetsa ball python zachialubino zoyamba kubadwira m'manja mwa anthu mu 1992, atayamba waleratu m'badwo wa ana ooneka wamba. Peter Kahl anatsimikiza mu 1997 kuti ija ya zigamba zoyera mbee, yotchedwa piebald, nayonso imapatsira ana mobisala. Ndipo pali ina yachikasu yotchedwa banana yomwe inazunguza oweta mitu zaka zambiri: yaimuna yomwe inatenga mtunduwo kwa bambo wake imaupatsira pafupifupi ana aamuna okhaokha, pomwe yomwe inautenga kwa make imaupatsira aakazi. Nditamva zimenezi ndinakumbukira nsomba zanga 6 zotupa makosi. Nsato ya ku Ghana ndi mbuna ya ku Yofu, nyama zomwe sizinakumanepo, zonse zikumangirira mtundu wa khungu ku umuna kapena ukazi.

Chomwe ndinamutsindikira kwambiri ndi kuchepa kwa mazira. Mendel anali ndi mbewu mazanamazana. Woweta nsato ali ndi mazira 6 pa chaka. Mawu akuti mmodzi mwa anayi satanthauza kuti ana amaima pamzere, atatu wamba, wachinayi wotuwa. Dzira lililonse limayambiranso maere ake. Ukaphatikiza njoka ziwiri zonyamula chobisala n'kupeza mazira 6, masamu amati pa mabanja 100 otere, pafupifupi 18 sadzaona mwana wotuwa ngakhale mmodzi, chibadwacho chilipo ndithu. Munthu wopupuluma adzagulitsa njoka zake n'kumauza anzake kuti anayesa koma palibe kanthu.

Pali chifukwa china chomwe funso la mnyamatayu silinandichokere m'mutu, ndipo ndicho chovuta kulemba. Msuweni wanga wina, wokhala kumtunda tsidya la nyanja, mkazi wake anabereka mwana wamkazi wa khungu lachialubino. Anali mwana wawo wachitatu. Awiri oyamba anali akuda ngati makolo awo. Abale anasonkhana, ine ndinakwera sitima ya Ilala kukakhala nawo. Mawu omwe anamveka mobwerezabwereza pabwalo lija anali akuti, "Kwathu kulibe zimenezi." Wina anaponya mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu, ngakhale mayiyo anali wakuda bii pamaso pa tonse. Ena ananong'ona za chigololo, ena za zomwe anadya kapena amene anamuseka ali woyembekezera. Mayiyo anakhala pamphasa, mwana ali pamiyendo, osatukula mutu.

Ine ndinali pomwepo, Mendel yense ali m'mutu, ndipo sindinayankhule. Ndinaopa akuluakulu, ndinaopa kuoneka wodzitukumula ndi sukulu. Kukhala chete kumeneko kumandipweteka mpaka lero, chifukwa nkhaniyi ilibe chinsinsi. Chialubino chomwe timachiona kuno ndi chibadwa chobisala. Mwana sangabadwe nacho pokhapokha bambo apereke mbali yake, mayi aperekenso yake. Palibe banja lomwe linganene motsimikiza kuti kwathu kulibe, pakuti chinthucho chimatha kuyenda mibadwo ingapo osaonekera, mpaka tsiku lomwe onyamula awiri adzakwatirane. Khungu la mwana uja silinali umboni wa chigololo. Linkangonena kuti bambo ake, monganso mayi ake, ananyamula chinthu chomwe sankachidziwa.

Sindikufanizira mwana ndi njoka kapena nsomba. Chofanana ndi masamu okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Kuyambira cha mu 2014 dziko lino laona abale athu amenewa akubedwa, akuphedwa, manda awo akufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo muli chuma. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo yathu, ndipo ndinakondwa kwambiri. Koma nkhanzazi zimayambira pansi kuposa Nyumba ya Malamulo. Zimayambira pamphasa ngati ija, pamene anthu akufuna yankho lero lomwe, ndipo womusenzetsa mlandu wakhala pafupi, sangadziteteze.

Ndinabwererako patatha miyezi iwiri. Sindinatenge buku. Ndinatenga zitini ziwiri ndi nyemba, zofiira ndi zoyera, n'kuthira zofanana kuchuluka m'chitini chilichonse. Ndinapita kwa mayi ake a msuweni wangayo, omwe mawu awo ndiwo ankamveka pabanjapo, n'kuwapempha kuti atsinzine, azitola imodzi uku, imodzi uku. Yofiira ndi yofiira, mwana wakuda. Yofiira ndi yoyera, mwana wakudabe, koma wanyamula. Yoyera ndi yoyera, ndiye mdzukulu wawo uja. Tikalemba, nyemba tinkazibwezera n'kugwedeza chitini. Anatola kambirimbiri, ndipo nthawi zina zoyera ziwiri zinkabwera motsatizana, nthawi zina zinkasowa mpaka kutopetsa. Kenako anasiya, chitini chimodzi chili m'manja.

"Ndiye kuti ichi ndi cha mwana wanga?"

"Eya, mayi."

"Nyemba yoyerayo anaitenga kuti?"

"Kwa inu, kapena kwa malemu bambo ake."

Anakhala chete, akuyang'ana m'chitinimo. Kenako anatuma mtsikana kuti akaitane mpongozi wawo, abwere ndi mwanayo. Msuweni wanga zinamutengera nthawi yaitali kuposa apo, ndipo mawu omwe ananenedwa pabwalo lija sanafufutike m'mtima mwa mkazi wake. Mwanayo tsopano ali pasukulu. Amavala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, amakhala kutsogolo kuti aone pabolodi, ndipo agogo ake ndiwo amakalipa mafuta oteteza khungu kudzuwa akatha m'nyumba.

Pa malonda a nsato ndi nsomba zokongola ndili ndi mtima uwiri, ndipo mnyamata wanga ndinamuuza mosabisa. Pali mtundu wina wa ball python wotchedwa spider, wa mizere yopyapyala yosiririka, koma chibadwa chomwe chimaupatsa mizereyo chimabweranso ndi vuto la kugwedezeka mutu ndi kulephera kulunjika. Ina imavutika ngakhale kugwira chakudya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo anthu ena amauwetabe chifukwa umagulidwa. Kubwezera mwana kwa make n'kofunika kuti upeze yankho, koma ukapitiriza mibadwo yambiri osabweretsa magazi ena, mbewu imafooka. Kuno kunyanja nakonso, maingano wathu uja ali pamndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yotha, chifukwa malo ake ndi kachigawo kochepa ka miyala. Ndipo ku Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear, mbuna zochokera kumpoto kuno zomwe zinatayidwako m'zaka za m'ma 1960 zinakhazikika, ina n'kuyamba kusakanikirana ndi eni malo. N'chifukwa chake thanki yanga nditaitseka, nsomba iliyonse ndinaibwezera pamiyala yomweyo pomwe ndinagwira makolo ake.

Uthenga wotsatira wofunika unafika mu January, mvula ikugwa. Yaphulusa ija inaikira mazira 6, limodzi linawola, 5 anaswa. Anatumiza zithunzi za tiana tonse, tonyowa, titatulutsa mitu m'zikamba zong'ambika. Tonse tinali toderako, tamawanga akuda, ngati bambo wawo.

"Malume, palibe ngakhale mmodzi. Abwana akuti agulitse onse pamtengo wa wamba."

"Pali wamwamuna?"

"Alipo awiri."

"Pempha mmodzi. Ngati akana, umugule ndi malipiro ako. Ulembe tsiku lomwe waswa, make ndani, bambo wake ndani, chipinda chinali chotentha bwanji. Usadalire kukumbukira."

Anamugula. Anagulanso kope lachikuto cholimba, ndipo patsamba loyamba anajambula mabokosi anayi owerengera chibadwa omwe ndinkawajambulira pabolodi iye ali mwana. Kanjokako kadzakhwima pakatha chaka ndi miyezi ingapo, kenako padzakhala kudikira nyengo yoikira, kenako masiku 60 a mazira. Dzulo madzulo, tikudya kondowole ndi usipa, mayi a kunyumba anafunsa ngati mwana uja walembanso. Ndinati walemba, ali bwino, watumiza moni. Anapitiriza kudya pang'ono, kenako anati, "Nanga kaja anagula kaja, kayamba kudya?"